Musanatame pulaneti, yambani mwayeza nyenyezi yake

Nkhani ya zakuthambo ikamveka pa wailesi kapena m'nyuzipepala, kawirikawiri imakhala ya pulaneti. Lero apeza lofanana ndi dziko lathu, mawa apeza la madzi okhaokha, mkuja la dayamondi. Nyenyezi imene pulanetilo likuzungulira amangoitchula modutsa. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene timanena za mapulaneti akutaliwa chimatsamira pa muyeso umodzi umene sutchuka konse: kukula kwa nyenyeziyo.

Titenge nyenyezi yotchedwa 55 Cancri, ya m'gulu la nyenyezi la Cancer. Kuwala kwake kumayenda zaka 41 kuti kutipeze, ndipo kwa akatswiri a zakuthambo umenewo ndi mtunda wapafupi ndithu. Munthu wa maso akuthwa, ali kumudzi kutali ndi magetsi, angathe kuiona chakumpoto usiku wa mu Febuluwale kapena Malichi mitambo ikayera. Ili ndi mapulaneti asanu odziwika, ndipo loyamba linapezeka mu 1996. Lotchuka kwambiri ndi 55 Cancri e, lomwe limamaliza kuzungulira nyenyezi yake m'maola osakwana 18. Chaka chake chonse n'chachifupi kuposa tsiku lathu limodzi.

Mu 2011 matelesikopu awiri a mumlengalenga, MOST ya ku Canada ndi Spitzer ya ku America, anagwira pulanetili likudutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake. Pulaneti lenilenilo palibe analiona. Anangoona kuwala kwa nyenyezi kukuchepa pang'ono, ndi magawo osakwana anayi pa magawo 10,000, kenako n'kubwerera m'chimake. Kuchepa kumeneku kumakuuza chinthu chimodzi chokha: pulanetilo laphimba gawo lalikulu bwanji la nkhope ya nyenyezi. Makilomita sikukupatsa ayi. Ukaganiza kuti nyenyeziyo ndi yaikulu, pulaneti nalo limakula papepala pako. Ukaichepsa, nalo limachepa. Choopsa n'chakuti kuphonya kumeneku kumabereka ana. Pofuna kudziwa ngati pulaneti ndi la mwala, la chitsulo, kapena lokutidwa ndi madzi ndi mpweya, amayerekeza kulemera kwake ndi malo amene limatenga. Ukaphonya m'mimba mwake ndi 5 peresenti yokha, yankho lako limaphonyeka ndi pafupifupi 15 peresenti, ndipo mpata umenewo ndi wokwanira kuti mwala wouma uoneke ngati dziko lachinyezi.

Nanga nyenyezi amaiyeza bwanji? Apa ndi pamene mtima wanga umagwidwa. Kuchokera kuno, 55 Cancri imaoneka yaing'ono ngati chitsekerero cha botolo la Fanta chili ku London, woyang'anayo ataima ku Lilongwe. Telesikopu ya galasi limodzi, ngakhale yaikulu kuposa zonse zimene zilipo lero, imangoona kadontho.

Njira yake ndi kulandira kuwala kwa nyenyezi imodzi pamalo awiri otalikirana, n'kukuphatikiza. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafunde awiri akakumana amajambula mizere yowala ndi yakuda motsatizana. Nyenyezi ikanakhala kadontho kenikeni, mizereyo ikanakhala yooneka bwino nthawi zonse. Koma popeza ili ndi thupi, kuwala kochokera mbali ino ndi kwa mbali inayo kumasokonezana, ndipo mizere imayamba kuzimirira pamene malo awiriwo akutalikirana. Pamene yazimiririra ndi pamene pamaulula kukula kwa nyenyezi. Albert Michelson ndi Francis Pease anachita zimenezi koyamba mu Disembala 1920 pa phiri la Mount Wilson ku California, atamangirira mtanda wachitsulo wa mamita asanu ndi limodzi, wokhala ndi magalasi, pa telesikopu yaikulu ya kumeneko. Anayeza Betelgeuse, chinyenyezi chofiira chija cha pafupi ndi Akamwiniatsatana.

Pa phiri lomwelo lero pali CHARA, yomwe imayendetsedwa ndi Georgia State University. Ndi matelesikopu asanu ndi imodzi, iliyonse ya galasi la mita imodzi, ndipo awiri otalikirana kwambiri ali pa mtunda wa mamita 331. Kuwala kwa iliyonse kumadutsa m'mapaipi opopedwa mpweya mpaka m'nyumba imodzi. M'menemo muli tingolo ta magalasi toyenda panjanji, tomwe timasuntha usiku wonse kuti kuwala kwa matelesikopu onse kufike pamodzi, pakuti dziko likuzungulira ndipo nyenyezi siikhala pamalo amodzi kumwamba. Kulakwitsa kololedwa n'kochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Anthu amene amadikira makina amenewa usiku ndi usiku sindiwaona pa zithunzi zimene zimafalikira pa Facebook.

Kuti muyeso wa CHARA usanduke makilomita pamafunikanso mtunda wa nyenyeziyo. Umenewu amaupeza poona mmene nyenyezi imasunthira pang'ono pamaso pathu pamene dziko likuzungulira dzuwa, njira imene Thomas Henderson anayezera Alpha Centauri ali ku Cape Town cha m'ma 1832 ndi 1833, ndipo pambuyo pake matelesikopu a Hipparcos ndi Gaia anaipititsa patsogolo.

Mu 2011 womwewo, gulu lotsogozedwa ndi Kaspar von Braun linalengeza kuti m'mimba mwa 55 Cancri ndi pafupifupi 94 peresenti ya m'mimba mwa dzuwa. Nambala imodzi imeneyi inatsekula zitseko zingapo. Ukadziwa kukula kwa nyenyezi ndi kuwala konse kumene imatulutsa, kutentha kwa pamwamba pake kumadziwika kokha: madigiri pafupifupi 4,900, pamene dzuwa lili cha pa 5,500. Ndipo ukakhala ndi kukula ndi kutentha, wayamba kuona zaka zake. Nyenyezi ikamakalamba, mpweya wa haidrojeni umachepa pakati pake, pakatipo pamafinyika n'kutentha kwambiri, ndipo kunja kwake kumafufuma pang'onopang'ono. Dzuwa lathu, lomwe lili ndi zaka 4.6 biliyoni, linayamba lili laling'onoko ndiponso losawala ngati lero, mwina ndi 30 peresenti. Choncho nyenyezi yopepuka kuposa dzuwa, koma yofufuma mpaka kutsala pang'ono kulingana nalo, ndiye kuti yakhalitsa. Gululo linapeza zaka pafupifupi 10 biliyoni, ndipo linanena poyera kuti zingathe kuchepa kapena kuchuluka ndi 2.5 biliyoni. Ena angaone ngati mpatawo wakula kwambiri. Ine ndimalemekeza munthu amene amakuuza malire a zimene akudziwa kuposa amene amakupatsa nambala yosalala yopanda maziko.

Nkhani ya dayamondi ija inabadwira pa pulaneti lomweli. Mu 2012 Nikku Madhusudhan ndi anzake anati mwina mkati mwa 55 Cancri e muli kaboni wochuluka, mbali ina ili dayamondi, ndipo dziko lonse linaimba nthungululu. Maganizowo anatsamira pa chiyerekezo chakuti nyenyeziyo ili ndi kaboni wambiri kuposa okosijeni. Chaka chotsatira Johanna Teske anaunikanso kuwala kwa nyenyezi yomweyo n'kupeza kuti okosijeni ndiye wochuluka. Pulaneti silinasinthe, chimene chinasintha ndi zimene tinkadziwa za nyenyezi. Koma mpaka lero mudzamva anthu akusimba za pulaneti la dayamondi, za Teske osatchula.

Mu 2024 gulu la Renyu Hu linafalitsa zimene telesikopu ya James Webb inaona. Potengera kuwala kwa nyenyezi ndi kuyandikira kwa pulanetilo, mbali yake yoyang'ana nyenyezi inayenera kutentha madigiri pafupifupi 2,200 ikanakhala mwala wosavala kanthu. Iwo anapeza cha pa 1,540, chizindikiro chakuti pali mpweya umene ukunyamula kutentha kupita mbali yamdima. Apa ndi pamene zaka za nyenyezi zikulowera. Pulaneti limene lawauka pafupi ndi nyenyezi yake kwa zaka mabiliyoni ochuluka chonchi silingakhale likusungabe mpweya wopepuka umene linabadwa nawo. Umenewo unauluka kalekale. Ofufuzawo akuganiza kuti mpweya ulipowu ukutuluka m'nyanja ya miyala yosungunuka imene yakuta pulanetilo, ndipo umabwezeredwa nthawi zonse pamene wina ukuthawa.