Mwini webusaiti asamaone mawu achinsinsi a anthu ake

Ndimakonza makompyuta pa Chitakale, ndipo achinyamata opangira mawebusaiti masukulu ndi malo ogona alendo a ku Likhubula amandionetsa ntchito zawo. Tsamba lolowera limakhala lokongola ndithu. Koma ndikatsegula kumene kumasungidwa maina, nthawi zina ndimapeza dzina la munthu uku, mawu ake achinsinsi pambali pake, owerengeka bwinobwino. Wopanga webusaitiyo ndimamuuza kuti ntchito sinathe, asalandire kaye malipiro.

Ena amati, "Akuluakulu, ndani angalimbane ndi kasukulu ka ku Mulanje?" Funso limeneli limaiwala khalidwe lathu. Ambiri timagwiritsa ntchito mawu amodzimodzi pa Facebook ndi pa imelo, ndipo chaka chobadwa chomwecho chimakhala nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Wakuba akathyola kawebusaiti ka sukulu, amakayesa zomwe wapezazo pamene pali ndalama. Mu 2009 kampani ya RockYou ku America inabedwa mawu achinsinsi oposa 32 miliyoni chifukwa inkawasunga osabisa. Kuno kwathu, mu 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu, boma n'kunena kuti achiwembu analowa m'makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko.

Njira yoyenera ilipo, ndipo ndi yaulere. Mawu achinsinsi azidutsa kaye mu bcrypt, yomwe ilipo kuyambira 1999, kapena Argon2. Zimenezi zimawagaya monga chigayo chimachitira ndi chimanga: ufa subwereranso kukhala maso a chimanga. Munthu akabwera kudzalowa, kompyuta imagayanso zomwe walemba n'kuyerekeza ndi zomwe inasunga. Wolemba mu PHP ali nayo kale password_hash. Pamwamba pa apo, webusaiti ikhale ndi HTTPS, ndipo wolakwitsa kangapo motsatizana adikiritsidwe. Woiwala atumiziridwe njira yosankhira mawu atsopano.

Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe MACRA imayang'anira, limaika udindo pa wosunga uthengawo. Choncho aphunzitsi aakulu ndi eni malo ogona alendo, musanalipire wopanga webusaiti, mumupemphe kuti akuwerengereni mawu anu achinsinsi kuchokera m'kompyuta yake. Akakwanitsa, abwerere akakonze.