ZA ALIMI: Mtengo wa kachewere usamveke pakamwa pa venda yekha

Mlimi wa ku Fonte Boa amadziwa kulima kachewere, nyemba ndi chimanga, koma kawirikawiri mtengo wa mbewu zake amaumvera kwa munthu yemweyo amene wabwera kudzagula. Venda akangoti ku Lizulu mitengo yagwa, thumba limapita motchipa pamodzi ndi thukuta la miyezi inayi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga mlimi afunse kuti?

Poyamba pali wailesi. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ku Ulóngwe kuli wailesi ya m'dera, ndipo MBC ndi Zodiak za ku Malawi zimamveka m'midzi ya m'malire. Koma mtengo womveka ku Malawi umakhala wa makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Choncho wongomva kuti mitengo yakwera, osawerengera kuti pa metikali ndi zingati, atha kusekerera pachabe.

Chachiwiri ndi alangizi a ku ofesi ya SDAE. Mbozi zachilendo zimene zinasakaza chimanga mu 2017 zimabisala m'kati mwa nsonga dzuwa likatentha, n'chifukwa chake alangizi amati kupopera kukhale m'mamawa kapena madzulo. Chiwawu cha kachewere nacho chimakonda chinyezi ndi kuzizira kwa kumapiri kuno, ndipo mankhwala amathandiza akathiridwa masamba asanade. Nzeru zotere wogulitsa mankhwala pamsika sakhala nayo nthawi yozifotokoza.

Chachitatu ndi foni. Mbale amene ali ku Lizulu, ku Tsangano Turn-off kapena ku Tete angathe kunena mtengo wa tsiku lomwelo. Wofunsa afunsenso kukula kwa thumba, pakuti thumba losokerera pamwamba silifanana ndi la makilogalamu 50, ndipo achotserepo ndalama ya galimoto. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda tsiku, wosadziwika mwini wake, uli ngati mphekesera za pamowa.

Mlimi wochenjera amayerekeza zimene wamva uku ndi uku asanamasule nkhokwe. Ngati wailesi, mlangizi ndi mbale wa kumsika akunena zofanana, agulitse mtima uli m'malo. Zikasiyana, ayambe wadikira, akambirane ndi anzake a m'mudzi kuti onse atchule mtengo umodzi. Venda amene wabwera ndi lole sabwerera chopanda katundu.