Mapiritsi olera ndi atsikana athu a ku maesiteti a Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayenda m'misika ya Kasungu, ndipo madandaulo a makolo amabwereranso: akuti mapiritsi olera ndiwo akulimbitsa atsikana mtima wochita chiwerewere. Nkhaniyi ikutikhudza ife a m'mbali mwa nyanja, pakuti mabanja ambiri ochokera ku Mangochi ndi Machinga akhala akupita ku maesiteti amenewa kukalima fodya, ana awo aakazi ali nawo limodzi.

Koma kodi mlandu ndi wa piritsi? Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse apabanja, 58 ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolera, koma omwa mapiritsi adali awiri okha. 30 ankabayitsa jakisoni. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 adali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Piritsi likadakhala lofala monga timanenera m'mabwalo athu, mimba zimenezi sizikadachuluka chonchi.

Chimene tikuona n'china. Banja la pa esiteti limadikira miyezi yambiri kuti lilandire ndalama, sukulu ili kutali, madrassa kulibe, ndipo azakhali amene akadalangiza mtsikana adatsala kumudzi. Mwamuna wa ndalama za fodya akafika ndi chitenje ndi foni, mwana amene wagona ndi njala sayamba wafunsa za mankhwala. Malamulo aakulu a dziko lino adakweza msinkhu wokwatiwa kufika zaka 18 mu 2017, komabe ukwati wa mwana umamangidwa mwakachetechete kuseri kwa zigafa.

Chisilamu chimaletsa zina mosapita m'mbali, ndipo piritsi silisintha lamulo limenelo. Silitetezanso ku HIV. Komatu mkati mwa nikaah, maulama ambiri amalola kutalikitsa nthawi pakati pa ana ngati mwamuna ndi mkazi agwirizana, poyerekeza ndi azl imene maswahaba ankachita Mtumiki (Mtendere ukhale pa iye) ali moyo. Mkazi wa zaka 19 amene ali ndi khanda kumsana ayenera kumva zimenezi kwa masheikh ake. Ayeneranso kumva kwa anamwino kuti piritsi limamwedwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndi kuti mayi woyamwitsa ali ndi mtundu wakewake. Pa esiteti yotalikira chipatala, paketi ikatha m'nyengo ya dzinja, mimba imabwera iye asadakonzeke.