Muyeso umodzi pa mfuti zonse

Ife amene timadutsa pa boma la Mangochi timaidziwa mfuti yaikulu imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi. Idachokera m'sitima yankhondo ya Angerezi, Gwendolen, yomwe m'chaka cha 1914 idawombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu. Mfutiyi imatikumbutsa funso lakale: kodi ndani amasankha woyenera kusunga zida?

M'chaka cha 1890 maiko akuluakulu adagwirizana ku Brussels zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa Aafirika. Chaka chotsatira Harry Johnston adamanga linga pafupi ndi kwa Mponda, nayamba kuthira nkhondo Makanjira. Malonda a akapolo adali tchimo lalikulu, ndipo sitingawaikire kumbuyo. Komabe mfuti zambiri zosakira akapolowo zidasulidwa ku Ulaya komweko. Wogulitsa adasanduka woweruza.

Khalidweli silidathe. M'chaka cha 2002 George W. Bush adatchula Iraq, Iran ndi North Korea kuti ndi mgwirizano wa zoipa. Mu 2003 Iraq idathiridwa nkhondo poganiziridwa kuti ikubisa zida zopululira anthu, koma zidazo sizidapezeke. Chaka chomwecho Muammar Gaddafi, amene adayendera dziko lino mu 2002, adasiya ntchito yopanga zida zotere ndipo adawomberedwa m'manja. Mu 2011 adaphedwa ndi omuukira, amene ankathandizidwa ndi ndege za NATO. North Korea, imene idaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya mu 2006, idanena poyera kuti zomwe zidagwera Libya ndi chifukwa chosatayira zida zake.

Sitikunena kuti atsogoleri amenewa adali oyera mtima. Adaliritsa anthu awo omwe. Koma pangano la 1968 loletsa kufalitsa zida za nyukiliya limalamulanso Amereka, Russia, Britain, France ndi China kukambirana zothetsa zawo, ndipo mpaka lero akuzisungabe. Makolo adati anyani amasekana zikundu. Pa Miyambo 20:10 timawerenga kuti Mulungu amanyansidwa ndi miyeso iwiri, ndipo pa Mateyu 7 Ambuye Yesu akutiuza kuyamba ndi diso lathu tisanakonze la mbale wathu.

Nafenso tidziyese. Mu 1967 dziko lathu lidakhazikitsa ubale ndi boma latsankho la South Africa, limene pambuyo pake lidapanga mabomba a nyukiliya asanu ndi limodzi mobisa. Chitonthozo n'chakuti adawaphwasula okha, monga F.W. de Klerk adaulula mu 1993. Kutembenuka mtima n'kotheka ngakhale kwa maboma.

Mu 2022 Malawi adavomereza pangano la United Nations lothetseratu zida za nyukiliya. Popeza ku Kayelekera kuli miyala ya uranium, tili ndi udindo wofunsa aphungu athu kumene miyalayo imapita ndi ntchito imene imakagwira.

Ambuye, tipatseni muyeso umodzi, kwa bwenzi ndi kwa mdani, kuti zida zonse zidzagone chete ngati mfuti ya pa Mangochi. Amen.