Timapaipi ta pa injini si tokongoletsa galimoto

Pansi pa mtengo wa mango pa Nkhotakota boma, galimoto ya Toyota Corolla yaima boneti ili yotsegula. Mwini wake akudandaula kuti injini ikunjenjemera ndipo ikumangozima ikafika pa mphambano. Makaniko wasuzumira, wazula timapaipi tiwiri ta labala, pamabowo watsekapo ndi bauti ndi msomali.

"Bwana, izi n'za ku Japan kozizira, kuno kwathu zilibe ntchito," watero uku akupukuta m'manja. Injini yaleka kunjenjemera, mwini galimoto walipira mokondwa ndipo wanyamuka.

Zoterezi zikuchitika m'magalaja ambiri kuyambira ku Salima, Benga, Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Mchitidwewu ndi wofunika kuuthetsa chifukwa ukudya ndalama za mabanja komanso ukuika miyoyo pachiswe.

Magalimoto ambiri amene amanyamula anthu, nsomba ndi mpunga mu msewu wa M5 ndi akale ochokera ku Japan. Mwachitsanzo, Corolla ya mtundu wa AE100 idayamba kupangidwa mu 1991, ndipo zambiri zili ndi injini ya 5A-FE. Injini imeneyi ilibe kabuleta. Ili ndi kompyuta imene imayeza petulo woti alowe, ndipo kompyutayo imadalira timapaipi tomwe tikuzulidwato.

Injini ikamalira, mapisitoni amakoka mpweya mwamphamvu. Kukoka kumeneko, komwe amakaniko amati vakyumu, n'kumene kumayenda m'timapaipi n'kumagwira ntchito zosiyanasiyana.

Kapaipi kena kamapita ku kachipangizo kouza kompyuta ngati injini yalemedwa kapena ayi. Kakazulidwa kapena kung'ambika, kompyuta imaganiza kuti dalaivala waponda moto mpaka pansi, ndiye imathira petulo wambiri. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, mapulagi odzaza mwaye komanso thanki yosachedwa kuuma.

Kena kamapita ku chipangizo chochepetsa mphamvu ya petulo injini ikamalira pang'onopang'ono. Popanda iko, galimoto imamwa mafuta owonjezera ngakhale itangoima pa siteji kudikira anthu.

Palinso kabotolo kakuda kokhala ndi makala mkati, kamene kamasunga nthunzi ya petulo yochokera m'thanki kuti injini idzaiwotche. Ndi kutentha kwa kunyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, petulo amauluka kwambiri. Wotaya kabotolo kameneka amakhala akumwaza ndalama m'mwamba, ndipo fungo la petulo limavutitsa okwera.

Paipi yotulutsa mpweya woipa kuchokera mkati mwa injini nayo ikatsekedwa ndi bauti, mpweyawo umasowa kolowera ndipo umakankha oyilo kuti azidontha m'masilo.

Choopsa koposa ndi paipi yaikulu yopita ku mabuleki. Vakyumu ndi imene imathandiza kuti phazi lisavutike poponda buleki. Paipiyi ikamadontha mpweya, buleki imauma ngati mwala. Aliyense wodziwa zitunda za msewu wa M18 wochokera ku Kasungu, umene umadutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota potsikira kunyanja, akudziwa kuti kumeneko si malo oti buleki ikane galimoto itadzaza anthu ndi matumba.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yosabisika. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa petulo udakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo udakweranso pambuyo pake. Galimoto yotaya lita imodzi yokha patsiku imataya malita 30 pamwezi. Imeneyo ndi ndalama ya feteleza, yunifolomu ndi ndiwo zapakhomo. Mapeto ake mwini galimoto amakweza mtengo, ndipo wolira ndi mayi wopita ndi usipa kumsika kapena wodwala wothamangira kuchipatala.

Amakaniko nawo ali ndi mfundo zawo zoyenera kuzimva. Masipeya a magalimoto a zaka zoposa 25 amasowa, ndipo kawirikawiri amafunika kukagula ku Lilongwe. Makasitomala ambiri amafuna galimoto ibwerere pamsewu tsiku lomwelo, pamtengo wochepa. N'zoonanso kuti si kapaipi kalikonse kamene kali kofunika mofanana. Ngati makina oziziritsa m'galimoto adafa kalekale, kapaipi kokweza liwiro la injini makinawo akayatsidwa kangathe kutsekedwa bwinobwino popanda vuto.

Komatu vuto lagona pozula osadziwa kuti kapaipi aka kakupita kuti. Nthawi zambiri chipangizo chimakhala chili bwino, kungoti labala yauma n'kung'ambika chifukwa cha ukalamba ndi kutentha. Mankhwala ake ndi kugula kapaipi katsopano, komwe mtengo wake sufika n'komwe pa mafuta otayika pamwezi.

Njira yofufuzira ilipo ndipo siifuna makina odula. Magalimoto ambiri ali ndi chithunzi cha timapaipi chomatidwa kunsi kwa boneti. Pa Toyota zakalezi, kulumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya pa kabokosi kofufuzira matenda kumachititsa nyali ya injini pa dashibodi kuphethira manambala. Ikaphethira 31, ikuloza ku kachipangizo ka vakyumu kaja. Makaniko wodziwa zimenezi amachiza nthenda yeniyeni m'malo modula chiwalo.

Apa bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lili ndi mwayi wothandiza. Amakaniko ambiri a m'matauni ang'onoang'ono adaphunzira ntchito poonera anzawo pa injini za kabuleta. Maphunziro a masabata ochepa a injini zoyendera kompyuta, ochitikira kufupi ndi kwawo, angasinthe zambiri. Nawo oyeza magalimoto popereka COF ayenera kumasuzumira pansi pa boneti, osangoona matayala ndi nyali.

Koma udindo woyamba ndi wa mwini galimoto. Safunsa adadya phula. Makaniko akafuna kuchotsa kanthu, afunsidwe dzina lake, ntchito yake ndi zomwe zichitike kakachoka. Akalephera kuyankha, kanthuko kasiyidwe pamalo pake ndipo galimoto ipite kwa wina. Zonse zochotsedwa zisungidwe m'thumba, chifukwa tsiku lozifunanso limafika, ndipo panthawiyo kuzipeza kumakhala kovuta kuposa kuzizula.