Mmalawi wa m'nkhani za ku Maputo sitimudziwa

Dziko la Malawi limalowa m'majornale ndi m'televizau ya ku Maputo pamene cimanga cagwidwa pa malire, pamene anthu opanda zikalata amangidwa ku Zóbuè, kapena pamene kolera yabuka. Mau ake ndi omwewo caka ndi caka: contrabando, imigrante ilegal. Mwana wa ku Matola wokula akumva zimenezi adzakhulupirira kuti kuseri kwa Calómuè kumakhala mbava zokhazokha.

Ine ndimagwira nchito pa wailesi ya kumudzi kuno ku Angónia, ndipo nkhani zotere zimafika kuti ndizimasulire m'Cinyanja. Ndiwerengere yani? Omvera anga ali ndi amalume ku Dedza ndi apongozi ku Ntcheu. Amagulitsa mbatata ya kacewere pa Lizulu, msika umene mseu ndiwo malire. Mu Ogasiti amapita limodzi ndi Amalawi ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete, m'Zambia.

Wina adzati: kodi kuzembetsa katundu kulibe? Kulipo, ndipo kulembedwe. Koma mtolankhani afunsenso cifukwa cake. Kucokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita opitirira 1500, pamene ku Lilongwe munthu wa ku Ulónguè amapita m'mawa n'kubwera madzulo. Mlimi amagulitsa kwa wogula amene ali pafupi. Nkhani yosonyeza matumba ogwidwa osachula mtengo umene mlimiyo akadalandira kwao ndi nkhani yodula mutu.

Ndipo ngongole yathu ikumbukidwe. Pa nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. N'zoona kuti mu 1986 Samora Machel anadzudzula boma la Kamuzu Banda kuti likuthandiza Renamo. Zimenezo zinali za maboma. Amene anabwereka makolo athu minda ndi kuwalola kutunga pa zitsime anali anthu wamba a m'midzi. Mu 2016 anthu ocokera ku Tete anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza, ndipo analandiridwa. Mu Malici 2023 mphepo ya Freddy inagwetsa nyumba ku Quelimane n'kupita kukapha anthu mazana ku Blantyre ndi ku Mulanje. Maliro anali amodzi.

Anzathu a nyuzi za ku Blantyre nawonso amatikumbukira kwambiri pakapezeka mfuti kapena pakacedwa mafuta ocokera ku Beira. Koma ine ndiyamba kusesa pakhomo panga.

Ndikupempha akonzi a nkhani a ku Maputo: ikani mtolankhani wodziwa Cinyanja ku Lilongwe. Njanji ya malasha yocokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa pakati pa Malawi, conco mtengo wa kwaca ndi cisankho ca kumeneko zimakhudza mphika wathu. Ngati ndalama palibe, imbirani ife a mawailesi a m'malire musanalembe za anthu amene timadya nawo nsima pa maliro.