ZA ALIMI: Galu Woyamwitsa Asagone ndi Njala

Alimi anzanga a kwa Jumbe, kwa Mnkhanya ndi kwa Nsefu, galu ndiye mlonda wathu muno m'cigwa ca Luangwa. Ndiye apirikitsa anyani kumunda, ndiponso ndiye atidzutsa usiku fisi akayandikira khola la mbuzi. Koma akaswa tiana 8 kapena 10, ambiri a ife tingomponyera makombo a nsima. Motero galu aonda, mkaka ucepa, tiana nkuyamba kufa kamodzikamodzi.

Galu woyamwitsa afunika cakudya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, makamaka m'sabata lacitatu ndi lacinai. Mpatseni katatu pa tsiku phala la gaga losakaniza ndi kapenta wosinja kapena dzira lophika. Madzi asasowe pafupi naye, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Tiana tikaculuka kuposa mawere, muziyamba mwaika tofooka kuti tiyamwe, tamphamvu tibwere pambuyo.

Tikakwanitsa masabata 3 kapena 4, yambani kutipatsa phala lamadzimadzi m'mbale zingapo kuti tisalimbirane. Muzilimbitsa phalalo pang'onopang'ono ndi kucotsapo make maora ena masana. Pa masabata 6 kufika 8 tileke kuyamwa. Musagawire anansi tisanafike pamenepo.

Funsani alangizi a ziweto za mankhwala a njoka za m'mimba. Tikafika miyezi 3, tilandire katemera wa ciwewe, pakuti galu wosatemera aika ana athu omwe pangozi.

Mlonda amene tifuna atilondere mawa, timdyetse lero.